Kodi Nthuli Yaikulu Adye Ndani?

Pa misonkhano yathu ya Mothers' Union timaphunzitsana zambiri za kaphikidwe: kutendera nkhwani kuti nsinjiro zisagwire pansi pa mphika, kufutsa masamba nthawi ya dzinja kuti tidzapeze ndiwo m'chilimwe, kuphika chigumu chosapserera. Zimenezi n'zabwino ndipo zipitirire. Koma pali ntchito ina imene imayamba mphika ukangochoka pamoto, imene sitiikamba kawirikawiri ngakhale timaigwira kawiri kapena katatu pa tsiku. Ntchito yake ndi yogawa. Nsima ikapsa mayi amatenga chipande n'kuomola mitanda, kenaka amapakula ndiwo. Pa kanthawi kochepa kameneko amakhala ataweruza mlandu: uyu adya zambiri, uyu zochepa, uyu nthuli, uyu msuzi wokha. Palibe mfumu kapena wansembe amene amaimirira pambali kuti aone ngati chiweruzocho chili cholungama. Tsono funso lathu ndi ili: kodi pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku titsate ulemu, kapena titsate chimene thupi la munthu aliyense likusowa? Nanga ziwirizi zikasemphana, chigonje n'chiti?

Tiyambire m'mawa. M'makomo ambiri kadzutsa ndi wosavuta: phala la mgaiwa, mbatata kapena chinangwa chophika, mkute wa dzulo wotenthetsa, tiyi ngati shuga alipo. Kumene kuli kangachepe kumapezeka buledi kapena mandasi. Taonani m'mene zimayendera. Abambo akupita ku ntchito kapena kumunda, ndiye tiyi wa mkaka ndi buledi zapita kwa iwo. Ana a sukulu achedwa, angosukusula n'kuthamanga m'mimba mulibe kanthu. Wamng'ono wa kumbuyo wapatsidwa phala lamadzimadzi la ufa woyera, lothira mchere wokha. Mayi akuti adya akamaliza kusesa, kutunga madzi ndi kutsuka mbale, ndipo dzuwa limafika pamutu asanalawe kanthu. Palibe amene wachita nkhanza pamenepa, pakuti aliyense wachita monga anaonera kwa makolo ake. Komabe tikawerengera bwino, amene akukula ndi amene akuyamwitsa ndiwo alandira zochepa kuposa onse.

Chikhalirecho phala labwino silifuna chuma. Kadzanja kamodzi ka nsinjiro, kapena ufa wa soya wokazinga, kapena usipa wosinja bwino, kapenanso supuni imodzi ya mafuta ophikira, zimasandutsa phala wamba kukhala chakudya chomanga thupi. Likuni Phala amene timamudziwa tonse ndi chimanga chosakaniza ndi soya. Ndipo phala la mwana wopitirira miyezi 6 likhale lolimbirako, losatsetsereka pa supuni ngati madzi, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo kakadzaza ndi madzi sikakhalanso ndi malo a chakudya.

Masana kumabwera nsima. Kwa anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Likoma mwina ndi kondowole wa usipa, kwina ndi nsima ya mgaiwa ya nyemba kapena nandolo, kwina bonongwe, chisoso, kholowa kapena chigwada. Ana amakhala pansi kuzungulira mbale imodzi. Mwambo umenewu tisautaye, chifukwa ndi pambale imodzi pamene mwana amaphunzira kuti m'dziko sali yekha, ndi kuti dzanja lake lisamafike kumbali ya mnzake. Koma tiyang'ane mwana wa chaka chimodzi ndi theka amene wakhala pakati pa akulu ake a zaka 8 ndi 11. Pamene iye akulimbana ndi mbamu imodzi yotentha, anzake atema zisanu. Akamati atambasule dzanja, usipa watha, kwatsala msuzi. Amanyambita msuziwo, amakhuta nsima, ndipo ife poona kamimba kotukuka timati mwana wadya. Mbale inali imodzi ndithu, palibe anamanidwa, koma kugawana kwake sikunali kofanana.

Nkhaniyi si yaing'ono ayi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu amene anachitika mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Mu 2010 anali 47. Kafukufuku yemweyo wa 2015 ndi 2016 anapezanso kuti ana aang'ono 63 mwa 100, ndi amayi 33 mwa 100, anali operewera magazi. Kupinimbira sikutanthauza kufupika msinkhu kokha. Kumakhudza kakulidwe ka ubongo, ndipo a zaumoyo amatiuza kuti masiku 1000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi amene amaumba munthu, kotero kuti chimene chatayika m'masiku amenewo n'chovuta kuchibweza. Sitikunena kuti zonsezi zimachokera ku chipande cha mayi. Umphawi ulipo, malungo alipo, kutsegula m'mimba chifukwa cha madzi osatetezeka kulipo. Koma ana opinimbira amapezekanso m'mabanja opeza bwino, m'makomo okhala ndi nkhokwe yodzaza ndi nkhuku zoyendayenda pabwalo. Kumeneko vuto si kusowa. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndiwo zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta, ndipo nyumba ikhoza kukhala nawo onse 6 pamene m'kamwa mwa mwana mukufika awiri okha.

Funsoli limaonekera poyera tsiku limene taphika nkhuku, kaya ndi madzulo a Lamulungu, kaya pa Khirisimasi, kaya kwabwera mlendo. Tonse tikudziwa m'mene nkhuku imayendera. Nthutumba ndi ya mwini nyumba kapena mlendo, ndipo ikasowa m'mbale pamakhala mafunso. Ntchafu ndi chifuwa zimatsatira komweko, chiwindinso chimodzimodzi. Ana amalandira zipalapasiro, khosi, mutu ndi mapiko. Mayi amene anaigwira, kuisosola ndi kuiphika amapeza kafupa kamene katsalira pansi pa poto.

Tisafulumire kunyoza mwambo umenewu, pakuti makolo athu sanali opusa. Nthutumba m'mbale ya mlendo imanena mawu: nkhuku iyi taphera inu, si zotsala za dzulo. Bambo amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha, kapena wapalasa bwato usiku wonse panyanja, akufunikadi mphamvu, ndipo banja lonse likudalira mphamvu zakezo. Mwana amene amadikira kuti akulu ayambe amaphunzira kudziletsa, sakula wosusuka, ndipo sachititsa manyazi kwa eni. Malembo nawonso sanyoza ulemu. Pa Genesis 18 Abrahamu anathamangira ku khola kukasankhira alendo atatu mwana wa ng'ombe wabwino, ndipo Sara anakanda ufa wosalala. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi lili pakati pa Malamulo Khumi. Nyumba yopanda ulemu si nyumba yachikhristu, ndipo ife sitikufuna kulera ana olanda nyama m'mbale ya agogo awo.

Koma tiyeni tiitenge nthutumba ija tiione bwino. N'kanthu kakang'ono, kosadzaza ndi chikhatho chomwe. Posankha chiwalo choimira ulemu, makolo anasankha chimodzi mwa zing'onozing'ono, ngati kuti ankadziwa kuti ulemu ndi chizindikiro, ndipo chizindikiro sichisowa kukula. Mphete ya ukwati ndi yaing'ono, madzi a ubatizo ndi ochepa, koma zimene zimanena n'zazikulu. Vuto limabwera pamene chizindikiro chafufuma mpaka kumeza nkhuku yonse. Ulemu uli ndi njira zambiri zimene sizichotsa kanthu m'kamwa mwa mwana: madzi ofunda osamba m'manja, mbale yoyera yovindikira, kugwada popereka, kuyamba kupakulira wamkulu. Kuyamba kupakuliridwa n'kosiyana ndi kupakuliridwa zambiri. Bambo wa zaka 40 akadya ntchafu imodzi m'malo mwa ziwiri, mawa adzuka ali yemwe uja. Mwana wa zaka ziwiri akakhala miyezi akudya msuzi wokha, amataya chinthu chimene sitidzachigula pa msika uliwonse. Ndipo chiwindi chimene timachipititsa kwa akulu ndicho chili ndi zambiri zoonjezera magazi. Kachidutswa kake kophika bwino, kotikita m'phala kapena m'ndiwo za mwana, kamagwira ntchito yaikulu m'thupi laling'onolo kuposa m'thupi la munthu wokhwima kale. Pachifukwa ichi ife tikuti ulemu ndi kusowa zikasemphana pa chakudya, kusowa kupambane, ndipo ulemu uperekedwe m'njira ina.

Mulungu mwini pogawa chakudya anatsata njira yomweyi. Pa Eksodo 16, mana atagwa m'chipululu, anthu anauzidwa kutola molingana ndi chiwerengero cha a m'hema mwawo ndi m'mene aliyense amadyera. Sitimva kuti Mose ndi Aroni anali ndi muyeso wawo waukulu chifukwa cha udindo. Paulo akukumbutsa Akorinto nkhani yomweyi m'kalata yake yachiwiri, mutu 8, powalimbikitsa kuthandiza abale osowa. Ndipo pa Marko 5, Ambuye Yesu ataukitsa mwana wamkazi wa Yairo, wa zaka 12, anthu adakali kakasi ndi chozizwitsa, Iye anawauza kuti amupatse mwanayo chakudya. M'nyumbamo munali mkulu wa sunagoge, munali ophunzira atatu, munali Ambuye mwini amene anali mlendo woposa alendo onse, koma mbale yoyamba inapita kwa kamtsikana.

Ena mwa ife adzati, nanga Eliya? Pa 1 Mafumu 17 mneneri anapeza mkazi wamasiye wa ku Zarefati akutola nkhuni kuti aphike ufa wake wotsiriza, adye ndi mwana wake, kenaka afe. Eliya anamuuza kuti ayambe waphikira iye. Kodi apa si umboni wakuti munthu wa Mulungu ndi mlendo ayenera kutsogola ngakhale mwana ali ndi njala? Funsoli n'lolemera, ndipo sitingalikankhire kumbali. Koma tione zimene Eliya anapempha ndi zimene anabwera nazo. Anapempha kamkate kakang'ono, ndipo anabwera ndi lonjezo la Mulungu lakuti ufa ndi mafuta sizidzatha kufikira mvula itagwa. Nyumba yonse inadya masiku ambiri, ndipo mwanayo atadwala n'kumwalira, Eliya yemweyo ndi amene anamupempherera mpaka anatsitsimuka. Kubwera kwa mlendoyo kunapulumutsa mwana. Tsono tiike nkhaniyi pambali pa ya ana a Eli, pa 1 Samueli 2. Iwonso anali atumiki a m'nyumba ya Mulungu. Mnyamata wawo ankabwera ndi chobayira nyama cha mano atatu, n'kuchipisa mumphika wa munthu amene wadzapereka nsembe, ndipo chilichonse chimene chakodwa n'kukhala chawo. Nthawi zina ankalanda nyama yaiwisi mafuta asanatenthedwe paguwa. Malembo akuti tchimo lawo linali lalikulu kwambiri, ndipo mathero awo tikuwadziwa. Eliya ndi ana a Eli onse anadya choyamba. Chowasiyanitsa n'chimene chinatsalira eni mphika.

Apa nkhaniyi ikufika pa bwalo la tchalitchi. Kukabwera alendo pa parishi, kaya ndi pa chilimbitso, kaya pa chikondwerero cha woyera wa tchalitchi chathu, ndife amayi amene timasonkha nkhuku ndi mpunga, n'kuyamba kuphika kusanache. Zimenezi timachita ndi mtima wonse, ndipo alendo ayenera kulandiridwa bwino. Koma n'zodziwikanso kuti pa masiku otere patebulo lalikulu pamatsala nyama, pamene ana a Sande Sukulu amene aimba kuyambira m'mawa akusuzumira pa zenera, ndi agogo amasiye amene ayenda mtunda wautali akubwerera osalawa kanthu. Ansembe ambiri sakondwera nazo zimenezi, kungoti sawona zimene zikuchitika kuseri kwa khitchini. Palibe chotiletsa kupatula poto wa ana ndi okalamba tisanayambe kupakulira tebulo lalikulu. Tikumbuke kuti pa Machitidwe 6 mkangano woyamba mu Mpingo wa ku Yerusalemu unali wa kagawidwe ka chakudya, pamene amasiye a chilankhulo cha Chihelene ankadumphidwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanaitaye nkhaniyi ngati ya ku khitchini chabe. Anasankhitsa amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, nawasanjika manja kuti ayang'anire ntchitoyo. Ngati kugawa chakudya kunafuna anthu odzala ndi Mzimu, ndiye kuti chipande chathu si chinthu wamba. Ndiponso pa Misa iliyonse timaona ndi maso athu: wolemera ndi wosauka amagwada pa mzere umodzi, ndipo mkate umene amalandira ndi wofanana.

Tsopano tifike pa mbali imene ili yovuta kuikamba, chifukwa ikukhudza ife eni. Mayi amadya pomaliza. Ndiwo zikachepa amapala nkhoko, kumwera madzi, ndipo mwana akafunsa amayankha kuti, "Idyani inu, ine ndadya kale." Pa maliro timamva mayi wotere akutamandidwa kuti sankadziganizira. Chikondi chimene chili m'mawu amenewo n'chenicheni, ndipo ambiri a ife tili moyo lero chifukwa cha amayi amene anagona ndi njala kuti ife tidye. Koma kodi n'chiyero kuti mayi azidzimana masiku onse, ngakhale pamene chakudya chikanakwanira onse chikanagawidwa bwino? Ife tikuti ayi. Thupi la mayi nalonso analenga ndi Mulungu, nalonso linabatizidwa, ndipo lamulo lokonda mnzako limayesa chikondicho ndi m'mene umadzikondera mwini. Wogawa amene amadzichotsa yekha pa chiwerengero sanagawe molungama, chifukwa wamana munthu mmodzi wa m'nyumbamo. Ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akadzimana, samana munthu mmodzi koma awiri. Kuperewera magazi kumaika moyo wake pa chiswe nthawi yobereka, ndipo mwana amabadwa wochepa thupi. Mayi akagwa, ana amene ankawasungira nthuli aja amatsala opanda wowaphikira n'komwe.

Palinso china. Mwana wamkazi amene amaona amayi ake akudya nkhoko tsiku ndi tsiku amaphunzira kuti umu ndi m'mene mkazi amakhalira, ndipo adzachita zomwezo ku banja lake. Mwana wamwamuna amaphunzira kuti mbale yodzaza ndi yake mwachibadwa. Timaphunzitsa ana katekisimu Loweruka, koma chiphunzitso cha pambale amachilandira katatu pa tsiku. Zikhulupiriro zina nazonso zimathandizira kumana omwewo. Kwina amati mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wopanda tsitsi, kwina amati mwana wozolowera mazira adzakhala wakuba. Zimenezi zilibe umboni. Dzira lophika bwino ndi chimodzi mwa zakudya zabwino koposa kwa mayi woyembekezera ndi kwa mwana wopitirira miyezi 6, ndipo n'zodabwitsa kuti zoletsa zotere nthawi zambiri zimagwera amayi ndi ana, osati amene amadya kale bwino.

Abambo athu tisawasandutse adani pa nkhaniyi. Ambiri sadziwa chimene chatsala mumphika, chifukwa mbale yawo imafika yovindikira ndipo amadyera kwaokha. Bambo wanzeru akauzidwa mwaulemu, pa nthawi yabwino, kuti mwana sakukwera sikelo ndipo akufunika dzira kapena nsomba, kawirikawiri amayamba yekha kutapa m'mbale mwake n'kupatsa mwanayo. Kumene kungatheke, kudyera pamodzi banja lonse kumathetsa zambiri popanda mawu, pakuti n'kovuta kumeza ntchafu yachiwiri maso a mwana wako ali pa iwe. Wamng'ono wosakwana zaka zitatu akhale ndi kambale kakekake, ndiwo zake zopatuliratu, ndipo wina akhale naye pafupi mpaka amalize. Pakati pa chakudya ndi chakudya apatsidwe nthochi, papaya, mango kapena mbatata yofiira mkati, chifukwa katatu pa tsiku sikamukwanira.

Zonsezi n'zotheka pamene mumphika muli kanthu. Koma tikudziwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe yatha ndipo chimanga cha m'munda sichinakhwime. Amene tinaona njala ya 2002 sitingaiwale anthu akudya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo mu 2024, chilala chitaononga mbewu, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. M'masiku otere banja limadya kamodzi, madzulo okha, ndipo funso lathu limakhala ndi minga. Bambo akapanda kudya sangathe ganyu wa mawa, ndipo ganyu akalephereka mawa sikudyedwa konse. Mwana akapanda kudya amafooka msanga kuposa wamkulu. Mayi woyamwitsa akapanda kudya thupi lake limadzidya lokha. Apa palibe kagawidwe kamene sikapweteka wina, ndipo sitingaweruze mayi amene wasankha mosiyana ndi m'mene ife tikanasankhira. Chimene tinganene n'chakuti wamkulu wathanzi angathe kupirira tsiku ndi chakudya chimodzi, koma mwana wosakwana zaka ziwiri sangathe, kotero kaufa ka phala lake la m'mawa kapatulidwe nsima ya madzulo isanavundulidwe. Mwana akayamba kutupa mapazi, kapena kuwonda mpaka nthiti kuonekera, asadikire kukolola, apite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Ndipo mayi amene wafika posankha pakati pa mwamuna wake ndi mwana wake sayenera kusenza mlanduwo yekha pamene nthambi yathu ilipo. Atsogoleri a nthambi adziwe makomo amene utsi sukufuka masana, ndipo pa nthawi yokolola nthambi iliyonse isungeko matumba angapo a chimanga ndi mtedza, olembedwa bwino m'buku, odikira miyezi imeneyo.